Mayina a Pansi pa Laimu

Kusukulu ankandidziwa ndi zinthu ziwiri: kusalankhula ndi dzanja labwino. Aphunzitsi akandifunsa funso, yankho ndinkalidziwa, koma linkakanirira pakhosi ngati njere ya kanjedza, ndipo ndinkangoyang'ana pansi mpaka atatopa nane. Koma akatenga kope langa ankalikweza m'mwamba kuti kalasi yonse ione. Chifalansa ndinkachipendeketsa monga anatiphunzitsira, Chiheberi ndinkachiimika njo. Sukulu ndinamaliza chaka chathachi, ndipo ndinabwerera kunyumba kukasenda nyemba ndi azakhali anga a Tamo, amene akhala nafe chimwalirire amayi. Izi ndikulemba chifukwa pakamwa sizingatuluke.

Sunagoge wathu anali kumapeto kwa mela, dera lathu la Ayuda, moyandikana ndi uvuni wa buledi. Polowa unkatsika masitepe, chifukwa pansi pake panali pamunsi kuposa msewu. Akuluakulu ankati poyamba linali khola la abulu la mayi wina wamasiye dzina lake Hnina. Mwana wake atachira nthomba, mayiyo anatulutsa abulu, anasesa, n'kupereka kholalo kwa Mulungu. Chaka china mtsinje unasefukira n'kugwetsa khoma la kumsewu, anthu analimanganso potuta dothi m'zovala zawo. Chaka cha njala munagona anthu a kumapiri, ndipo mtanda umodzi wa denga mpaka lero ndi wakuda ndi utsi wa moto wawo. Izi zonse ndinkangomva. Zimene ndinkaziona ndekha ndi mayina.

Munthu akamwalira, abale ake ankapachika nyali yagalasi pa tcheni, ndipo pakhoma, kuseri kwa nyaliyo, rabi ankalemba dzina la malemuyo ndi inki ya mwaye wosakaniza ndi utomoni. Khoma lonse la kumanja linali la mayina okhaokha. Ife akazi tinkapemphera panja, pakazenera, koma masiku angapo Pasika asanafike tinkaloledwa kulowa kuti tipake laimu. Lamulo linali limodzi: laimu sakhudza dzina. Burashi yaikulu inkayenda ponseponse, koma ikafika pa dzina unkaiika pansi, n'kukulunga kansanza kuchala, n'kumazungulira pang'onopang'ono. Choncho chaka ndi chaka laimu ankakwera m'mbali, dzina n'kumatsalira mkati. Mayina akale anali m'timaenje. La Hnina linali lakuya kuposa onse, chala chinkalowa mpaka pa mfundo. Ukafuna kudziwa amene anatsogola kumwalira sunkafunsa munthu, unkangopisa chala. Dzina la amayi anga, Freha, linali lisanayambe n'komwe kulowa. Linali lakuda bii, pamwamba penipeni pa khoma, poti anamwalira chaka cha dzana.

Nthawi imeneyo Ayuda anzathu anali atayamba kuchoka, kupita kutsidya la nyanja. Ankachoka osatsanzika. Lero mwagawana moto, mawa mupeza chitseko chokhoma, zovala zili pachingwe. Rabi nayenso anapita choncho. Tinatsala mabanja ochepa, ndipo kiyi wa sunagoge anagwera kwa abambo anga a Ayush, osoka zishalo za abulu, osati chifukwa chodziwa malemba koma chifukwa shopu yawo inali pafupi. Ndikawafunsa ngati ifenso tidzachoke, ankayankha chimodzimodzi: "Tichoke, amako tiwasiyire ndani?"

Tsiku lina tikudya, ababa anapukuta m'manja n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Yakot, chaka chino laimu upaka ndiwe."

"Chaka chilichonse ndimapaka, ababa."

"Ndikuti upake khoma lonse. Ndi mayina omwe."

Ndinayesa sindinamve bwino. Azakhali anasiya kutafuna.

"Mayina aja afufutika," ababa anapitiriza, maso ali m'mbale. "Ena sakuwerengeka n'komwe. Khoma liyere kaye, ndiye Pasika akatha alembedwenso onse, m'mizere yabwino. Rabi kulibe. Sellam wakalamba, manja akunjenjemera, akalemba ungati nkhuku yapalasa. Zilembo zanga iwe ukuzidziwa. Watsala ndiwe."

"Ine? Mtsikana?"

"Kodi si iwe amene aphunzitsi ankakweza kope lako ngati mbendera? Nanga ndinakutumiziranji kusukulu, kuti uzisenda nyemba m'Chifalansa?"

Sindinama, mtima unadumpha. Chitulutsire Hnina abulu ake, palibe mkazi anagwirapo cholembera m'nyumba imeneyo. Ndinayang'ana azakhali kudikira kuti andiseke, chifukwa iwo sangakuone wavala ngakhale nsapato zatsopano osakunena. Ine amanditchula kuti adona. "Adona, kodi ku France anyezi amadzisenda yekha?" Koma tsiku limenelo sananene kanthu. Ananyamuka ndi mbale chakudya chisanathe.

"Ababa," ndinatero, "ndiyambe ndawakopera papepala mayinawo."

"Papepala? Kuti mawa wina akulungire nsomba mayina a anthu athu? Ine ndakhala moyang'anizana ndi khoma limenelo kuyambira ndisanamere ndevu. Onse ali muno." Anagogoda pamphumi pawo. "Ine ndizidzatchula, iwe uzidzalemba."

M'mawa mwake tinathira madzi m'mgolo wa laimu, ndipo atasiya kubwata ndinatunga ndowa yoyamba. Azakhali anawerama kuti anyamule yawo, n'kukuwa.

"Mayo ine, msana!"

"Dzulo lomweli munanyamula thumba la makala, azakhali."

"Ndiye lomwelo landithyola. Pita wekha, adona. Manja ako ndi ophunzira."

Akazi a a Sellam anatumiza mawu oti ali ndi chifuwa. Azimayi ena aja, wina mwana wadwala, wina ali ndi alendo. Ine ndinati ndi nsanje basi. Ndikuchita manyazi kulemba izi, koma ndinakondwa kuti sanabwere. Ndinkafuna ntchito yonse ikhale yanga.

Ndinatsika masitepe ndi ndowa. Mkati munkanunkhira mafuta a nyali ndi chikopa chakale, ndipo kuwala kunkalowera pa kabowo ka padenga n'kugwera pakati pa mabenchi. Ndinayambira pa dzina la Hnina. Ndinapisa chala kaye m'kadzenje kake monga ndinkachitira ndili wamng'ono, n'kunena chamumtima kuti pepani agogo, ndikubwezerani lokongola. Kenaka ndinadutsitsa burashi.

Laimu wonyowa saphimba kanthu. Amakhala ngati madzi otsukira mpunga, ndipo mayina ankaonekabe pansi pake, otuwa. Azakhali amakonda kunena kuti laimu ali ngati a Sellam akapeza kachasu wa nkhuyu: akanyowa amaulula zonse, akauma sadziwa kanthu. Zinachitikadi. Pofika masana khoma linayera mbee, mayina akale atazimirira, kungotsala timaenje topanda kanthu.

Limodzi lokha linakana. Inki ya dzina la amayi inali isanakalambe, ndipo laimu akauma mwaye unkatulukiranso, poyamba ngati mthunzi, kenaka zilembo zonse. Ndinapakanso. Linabwerera. Ndinapaka wochindikala ngati phala n'kupita kunyumba, m'mawa ndinalipeza likundiyang'ana.

Ababa anabwera kudzaona ntchito. Anaima kumbuyo kwanga, akupumira m'mwamba.

"Amako ndi mmene analili ali moyo," anatero, akuyesa kuseka. "Ukawauza kuti khalani chete ndiye wawaputa."

Anatulutsa kampeni kawo kodulira zikopa n'kundipatsa, chogwirira chili kwa ine.

"Pala. Ukapanda kupala, zatsopano zidzasakanikirana ndi zakale."

"Palani ndinu, ababa. Ine ndikuopa."

"Ine ndasiya munthu akudikira ku shopu."

Anakwera masitepe mofulumira ngati mnyamata.

Ndinapala. Sizinavute. Fumbi lakuda linagwera pa zala za kumapazi kwanga, ndipo ndinapala mpaka ndinafika pa dothi la khoma kuti pasatsale kanthu. Ndinkalira pang'ono, koma kunali kulira kokoma, chifukwa m'mutu ndinali nditaliona kale dzinalo mmene ndidzalilembere: lalikulupo kuposa la rabi, lowongoka, loti munthu aziliwerenga ali pakazenera ka akazi. Ndinamata dothi pang'ono, ndinapaka laimu, ndipo ulendo uno panayera.

Masiku apakati a Pasika ndinkakwera padenga la nyumba yathu ndi kapu ya madzi, n'kumayeserera ndi chala pa dothi lotentha. Ndikamaliza dzina, chilembo choyamba chinali chitauma kale, ndiye ndinkayambiranso. Amuna ankapita kukapemphera m'makoma oyera aja n'kubwerako, koma palibe anandiuza kuti wagwira ntchito. A Sellam, amene chiyambire ankandiponyera mtedza ndikamadutsa, anandiona pa uvuni n'kuyamba kukonza nsapato yawo yomwe inalibe vuto. Ndinati mwina zikuwawawa kuti mtsikana wawalanda cholembera. Ndinawamvera chisoni.

Tsiku lomaliza la Pasika, dzuwa likangolowa, timachita Mimuna. Zitseko zimakhala zotsekula, ndipo anansi athu Asilamu amatibweretsera ufa, mkaka, batala ndi ngala zaziwisi za tirigu, poti masiku onsewo m'nyumba mwathu simukhala ufa. Kwathu amene ankabwera chaka chilichonse ndi Si Hmad, wogulitsa balere, mwini lole yokhayo ya m'tauni mwathu. Iye ndi ababa anakulira limodzi. Tinamumva akadali pamsewu.

"Ayush! Ndabwera kudzakupulumutsa ku mikate yako youma ija. Mano akadalipo?"

"Alipo okwanira kudyera batala wako, ngati chaka chino sunathiremo madzi."

"Madzi? Iwe, ng'ombe yanga imaopa Mulungu kuposa iwe."

Anakhala pansi, azakhali analandira ufa n'kuyamba kukanda, ine ndinabwera ndi thireyi ya tiyi. Si Hmad ndi munthu wamkulu thupi, wa mawu aakulu, ndipo ine sindinayambe ndamuyang'anapo m'maso. Anandiloza ndi chibwano.

"Uyu ndiye mpaki wathu? Mwana wanga, Mulungu adalitse manja ako. Dzulo ndinasuzumira pakazenera, ndinachita kugwira pakamwa. Mbee! Palibe ndi kachilembo komwe." Anatembenukira kwa ababa. "Ndinakuuza, Ayush. Nyumba yanu yopemphereramo ndiitenga, lole ndikupatsa ikakutuleni ku Casablanca, koma matumba a balere ine sindingawatsamiritse pa zolemba za anthu a Mulungu. Ndingagone bwanji? Tsopano mtima wanga uli m'malo."

Thireyi sindinaigwetse. Ndikanakonda ndikanaigwetsa. Ndinaiika pansi bwinobwino, ndinathira tiyi kuchokera m'mwamba kuti achite thovu monga anandiphunzitsira amayi, ndipo sanatayike ndi dontho lomwe. Si Hmad anayang'ana ababa, anayang'ana ine.

"Kodi ndanena choipa?"

"Idyani, idyani!" azakhali anakuwa ali kumoto. "Mikate yoyamba yapsa, izizira! Uchi uli patsogolo panupo!"

Anthu anabwera, anadya mikate yopyapyala ya batala ndi uchi, anadalitsana, anapita. Ine ndinatsuka matambula.

Kutacha, tsiku limene anthu onse amapita kuminda kukasangalala, ababa ndinawapeza ku shopu akukulunga zida zawo m'chikopa. Ndinaima pakhomo.

"Lankhula, iwe. Usandiime pamutu ngati wokhometsa msonkho."

"Ndiyamba liti kulemba?"

"Yakot, khala pansi."

"Ndiyamba liti?"

Anasiya zidazo. Anati tikuchoka mwezi usanathe, mabanja onse otsala, ndipo nkhani zotere sauza ana chifukwa zimathawira kumsika. Anati nyumba yopanda anthu imagwa, ndipo ikagwa mumagona agalu. Si Hmad ndi munthu, adzaifolera, adzaisesa.

"Nanga bwanji simunapake nokha?"

Anakanda ndevu nthawi yaitali.

"Tinakhala pansi amuna tonse. Tinafunsana. Kufufuta dzina la wakufa m'nyumba yopemphereramo, uku ukudziwa kuti silibwereranso, ndi katundu woti palibe anafuna kukwera naye sitima ya pamadzi. Akazi nawo anakana. Ndiye Sellam anakumbukira zimene rabi ankaphunzitsa, kuti wochita chinthu mosadziwa alibe mlandu. Iwe sunkadziwa. Manja ako ndi oyera, mwana wanga. Tinakutchinjiriza."

"Ndiye tchimolo lapita kwa ndani?"

"Silinapite kwa munthu. Ubwino wake ndi umenewo."

Ananena zimenezi nkhope itamasuka, ngati munthu amene wapeza njira yosokera chikopa chong'ambika popanda msoko kuoneka. Ndikuganiza kuti ankadikira ndiwathokoze.

"Tchulani mayina, ababa."

"Tsopano lino?"

"Munati onse ali m'mutu."

Anayamba mwamphamvu. Hnina. Agogo anga aamuna, Yahya. Agogo anga aakazi. Rabi wakale amene anachita ababa mdulidwe ali khanda. "Ishua wa diso limodzi... ayi, ameneyo anafera ku Marrakesh, sanalembedwe kuno." Anawerenga zala, anabwereza Yahya. "Ndi ena aja a kwa Sellam."

"Nanga mzere wapansi, pafupi ndi kabati ya mipukutu ya Chilamulo?"

"Kumeneko kunali mdima."

Ndinatuluka m'shopumo. Ndinabwerera kunyumba, ndinapeza azakhali akukolopa, atawerama mpaka mutu kutsala pang'ono kugunda pansi.

"Msana wachira, azakhali?"

"Usandiyang'ane choncho. Ine ndinakana kupaka."

"Koma simunandiuze."

"Ndikanakuuza ukanadziwa. Ukanadziwa ukanachimwa. Kodi kusukulu sanakuphunzitseni kuganiza?"

"Anali amayi anga."

"Anali mnzanga asanakhale amako," anatero, n'kufinya chikolopa mwamphamvu ngati chawalakwira. Sananditchule kuti adona. Mpaka lero sananditchulenso.

Masiku otsatira sunagoge anatha pang'onopang'ono, ine ndikuonera padenga. Mipukutu inatuluka itakulungidwa m'makapeti ngati katundu wopita kumsika. Nyali zinatsitsidwa, banja lililonse linatenga yake, ndipo za anthu amene abale awo anachoka kale anaziunjika m'dengu. Ya amayi ababa anaikulunga m'buluku lawo lakale. Mabenchi anapita kwa mwini uvuni. Kenaka Si Hmad anayala thabwa pa masitepe kuti matumba azingotsetsereka, anabweretsa mphaka, ndipo m'kabati ya mipukutu anaikamo sikelo ndi zingwe. Sipanathe nthawi, ana a mumsewu anayamba kunena kuti tikumane pa nkhokwe ya Si Hmad, ngati yakhala nkhokwe chiyambire.

Kutatsala tsiku limodzi kuti tinyamuke, masana dzuwa likuswa mtengo, ndinatenga mtsuko wa madzi, sanza ndi kope langa la kusukulu. Si Hmad anali pakhomo akusoka thumba. Kanali koyamba m'moyo wanga kumulankhula ndisanafunsidwe.

"Ndikufuna kunyowetsa khoma."

Anandiyang'ana, anayang'ana mtsuko. Ndikuganiza kuti anali atamva kale, chifukwa chichokere pa Mimuna sanabwerenso kwathu kudzaseka ndi ababa. Anatsika yekha, anasuntha matumba onse a kukhoma la kumanja, thukuta lili kamukamu, n'kukwera.

"Ndili panja pano. Balere wanga yekha usandinyowetsere, mwana wanga. Ine ndinkayesa ukudziwa."

Ndinaviika sanza n'kuikanikiza m'kadzenje ka Hnina. Poyamba panangoda. Kenaka zinayamba kutuluka, zotuwa ngati mitsempha ya padzanja la nkhalamba: Hnina mwana wa Mazal. Ndinapita pa kadzenje kena. Yahya mwana wa Dawid. Kena. Ndinangozindikira ndikuwerenga mokweza, ine amene sindinkayankha m'kalasi, m'nyumba imene mawu a mkazi sankamveka kupatula kukuwirana ndowa. Mzere wapansi, kumene ababa anati kunali mdima, unali wa ana okhaokha. Zhor. Simha. Kamwana kena dzina lake lofanana ndi langa. Amene anawerengeka ndinawakopera m'kope. Ambiri anatuluka theka lokha, ena kachilembo kamodzi, ndipo ndikacheuka ndinkapeza amene ndawasiya kumbuyo atauma kale, atabwerera mkati.

Pa malo a amayi ndinafika pomaliza. Ndinakanikiza sanza, ndinadikira. Panada, panatuluka mizere ya mpeni. Ndinanyowetsanso. Mizere yomweyo, yopingasa, yoyandikana bwino, ntchito ya munthu wosamala. Ndinakhuthulirapo madzi onse otsala mumtsuko mpaka laimu anasungunuka, dothi linayamba kuyenderera kutsikira pansi. Panalibe kanthu.

Dzina la amayi ndimalidziwa. Sindifunikira khoma kuti lindikumbutse. Koma ena onse aja atsala m'nyumba muja, pansi pa laimu, ali limodzi, ndipo denga likadzadontha adzaonekera kwa kanthawi ngakhale kwa mphaka. Amayi okha ndi amene anatulutsidwa, ndipo anawatulutsa ndine, ndi kampeni kamene ababa anandipatsa chogwirira chili kwa ine. Akuti ndilibe mlandu. Amuna onse anagwirizana choncho. Ndayesa kuti ndizimve kupepuka monga akumvera iwo, sizikutheka.

Tsopano tili ku Casablanca, m'chipinda chimodzi ndi mabanja ena, kudikira sitima. A Sellam ayambanso kundiponyera mtedza. Ndimausiya pansi pomwe wagwera.

Dzulo anatiuza kuti mabokosi onse alembedwe dzina la mwini wake, apo ayi asochera padoko. Ababa anabwereka kachitini ka penti ndi kaburashi, anabwera pamene ndinakhala, akumwetulira ngati palibe chinachitika.

"Yakot, dzanja lako lija. Tilembere dzina lathu, lalikulu, m'Chifalansa, azungu aone kuti kwathu kulinso ophunzira."

"Dzanja likundipweteka, ababa."

"Layamba liti? M'mawa womwewu umachapa."

"Ndiye kuchapako."

Azakhali anali pakona akusoka thumba la zovala. Sanadzutse mutu.

"Msiye, Ayush. Matenda amenewo ndi akumtundu."

Ababa anaima pang'ono, kaburashi kakudontha. Kenaka anagwada pa bokosi loyamba, limene muli nyali ya amayi, n'kuyamba kulemba okha, lilime lili panja, zilembo zikupita uku ndi uku ngati abulu osamangidwa. Ndinaona kuti chilembo chimodzi achitembenuza. Sindinawauze.